Anyamata a kunyanja, ndudu zathu zikufika kwa mwana ali m'mimba

 Lero sindikamba za mtengo wa petulo. Uthengawu ndi wautali, ngati muli pa ntchito usungeni mudzawerenge madzulo, koma chonde mufike nawo kumapeto.

Mwezi wathawu ndinaperekeza madamu kusikelo. Mimba yoyamba, ndiye ndinavala malaya abwino, manja ndinasamba kawiri kuti girisi achoke. Atatha kutiyeza magazi ndi kuwayeza madamu BP, anamwino anafunsa kuti, "Kunyumba kuli amene amasuta?" Madamu anangoyang'ana pansi. Ine ndinayankha mwachangu kuti, "Ndimasuta ndine, iwowa sasuta, ndiye palibe vuto." Anamwino anafunsanso kuti, "Bambo, mumasutira kuti?" Ndinanena chilungamo: m'nyumba, pamphasa, nthawi zina ndili m'neti usiku mwera ukamawomba. Nyumba yathu ndi ya chipinda chimodzi, zenera lake ndi kabowo. Iwo anati, "Ndiye kuti mukusuta anthu atatu."

Anandifotokozera pang'ono za mahomoni, koma pamzere panali anthu ambiri. Ndinachoka ndi manyazi komanso ndi kamkwiyo, mukudziwa mmene timachitira amuna tikauzidwa zoona pamaso pa akazi athu. Masiku otsatira ndinakhala ndikuwerenga pafoni kuti ndipeze pomwe anamwino aja anakokomeza, koma ndinapeza kuti anandiuza zochepa. Ndiye maganizo anga ndi awa: nkhani ya fodya ndi mimba kuno kunyanja ndi nkhani yathu amuna. Akazi osuta ndi ochepa kwathu kuno. Ndudu ndi chingambwe zili m'manja mwathu, ndipo utsi wake umakasokoneza zinthu m'thupi la mayi zomwe maso saona.

Ndiyambe ndi mahomoniwo. Ndi timadzi tomwe thupi limapanga n'kutitumiza m'magazi kuti tikauze ziwalo zochita. Ndi tochepa kwambiri, koma thupi lonse limamvera timeneti. Amene munagwirapo injini ya boti mumvetsa. Mu jerikani ya malita 20 a petulo timathira oyilo wokwana mamililita 400 basi, osakwana ndi botolo la theka la lita. Wina akachepetsa oyilo uja kuti asunge ndalama, injini imalira bwinobwino, boti limapita, usipa umabwera. Palibe chomwe ungaone tsiku limenelo. Patapita miyezi ndi pomwe amandibweretsera injini itanoka, pisitoni itakandika, mwiniwake akulumbira kuti sanalakwitse chilichonse. Mahomoni a mayi woyembekezera ali ngati oyilo uja: muyeso wake ukasokonekera pang'ono, kunja sizioneka.

Pa mimba, mahomoni ambiri amapangidwa ndi nsengwa, chija chimatuluka mwana akangobadwa. Ine ndinkaganiza kuti nsengwa ndi thumba chabe. Nsengwa ndiyo imapatsira mwana chakudya ndi mpweya kudzera mumchombo, ndipo ndiyonso fakitale ya mahomoni. Ofunika kuwadziwa ndi anayi.

Woyamba ndi hCG. Ndi amene amachititsa kuti kachipangizo koyezera mimba ndi mkodzo kaonetse mizere iwiri. Ntchito yake m'milungu yoyambirira ndi kuuza thupi la mayi kuti muli mwana, msambo usabwere, ndipo thupi lipitirize kupanga homoni yachiwiri. Yachiwiriyo ndi progesterone, imene imagwira mimba. Imachititsa kuti chiberekero chikhale phee, chisayambe kufinya nthawi isanakwane. Poyamba imachokera m'thumba la mazira, kenako cha m'ma milungu 10 nsengwa imatenga ntchitoyo. Yachitatu ndi estrogen, imene imakulitsa chiberekero, kutsegula mitsempha kuti magazi azipita ambiri kwa mwana, ndi kukonzekeretsa mabere. Mimba ikatsala pang'ono kuchira, magazi opita kuchiberekero amakwana theka la lita kapena kuposa pa mphindi iliyonse. Yachinayi ndi prolactin, yochokera m'kachiwalo kakang'ono kamene kali pansi pa ubongo, ndipo ndi imene imabweretsa mkaka.

Tsopano utsi wa fodya. Muli mankhwala oposa 7,000 mu utsi umenewu, koma tikambe za ochepa. Madokotala akamayeza magazi a amayi oyembekezera, amapeza kuti mwa amayi osuta hCG amakhala wotsikirapo poyerekeza ndi osasuta. Kusiyanaku n'kodziwika moti m'mayiko omwe amayeza magazi pofufuza mavuto a mwana asanabadwe, amayamba afunsa ngati mayi amasuta, kuti awerenge zotsatira molondola. Estrogen nayenso amatsika. Chifukwa chake n'chakuti nsengwa imapanga estrogen pogwiritsa ntchito kamakina kena kotchedwa aromatase, ndipo nikotini, pamodzi ndi cotinine amene thupi limapanga likamaphwanya nikotini, amachedwetsa kamakinako. Palinso cadmium, chitsulo chapoizoni chomwe chimapezeka m'mabatire ena. Fodya amachiyamwa m'dothi akadali kumunda, ndipo wosuta amachikokera m'mapapo. Cadmium amaunjikana mu nsengwa ndi kusokoneza kapangidwe ka progesterone, uja ndati amagwira mimba.

Pali mahomoni ena amene fodya amawakweza. Mukukumbukira mmene thupi limachitira mwera ukakupezani pakati pa nyanja, kapena mvuu ikatulukira pafupi ndi bwato? Mtima umagunda, manja amazizira. Ameneyo ndi adrenaline, ndipo mnzake ndi cortisol. Nikotini amachititsa thupi kutulutsa mahomoni amenewa ngakhale munthu atangokhala pakhonde. Adrenaline amafinya mitsempha ya magazi, kuphatikizapo ija yopita kuchiberekero. Zili ngati munthu wapondera paipi ya mafuta injini ikuyenda: siizima, koma mphamvu imachepa. Ndudu iliyonse ndi kupondera kumodzi, ndiye werengani nokha kuti pa tsiku ndi kangati, pa miyezi 9 ndi kangati.

Pamwamba pa zonsezi pali carbon monoxide. Ndi mpweya womwewo umene umapha anthu akagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, ndi womwewo umatuluka ku ekizozi ya jenereta. Umakakamira m'magazi kuwirikiza ka 200 kuposa okosijeni, ndiye umalanda malo ake. Umadutsa mu nsengwa n'kufika kwa mwana, ndipo m'magazi a mwana umachedwa kuchoka kuposa a mayi ake. Tonse timadziwa kuti jenereta sitiliza m'chipinda chogona, koma ndudu timayatsa m'neti, mayi woyembekezera ali pambali.

Zotsatira zake madokotala anayamba kuziona kale. Mu 1957 dokotala wina wa ku California, Winea Simpson, analemba kuti amayi osuta amabereka ana ang'onoang'ono kawirikawiri kuposa osasuta. Kuchokera pamenepo zatsimikizika m'mayiko ambiri: ana a amayi osuta amabadwa opepukirapo ndi magalamu pafupifupi 200. Wina anganene kuti magalamu 200 ndi kachambo kamodzi. Koma malire a mwana wobadwa wochepa thupi ndi makilogalamu 2.5, ndipo ana ambiri kwathu kuno amabadwira pafupi ndi malirewo kale chifukwa cha malungo, kuchepa kwa magazi ndi chakudya chosakwanira. Kwa mwana wotere magalamu 200 ndi omwe amasiyanitsa wopita kunyumba mawa lake ndi wotsala kuchipatala pachifuwa cha mayi ake pa kangaru. Kusuta kumawonjezeranso chiopsezo cha kupita padera, mimba yokhala m'njira ya mazira, nsengwa kumatuka mwana asanabadwe, kubereka masiku osakwana, ndi mwana kufera m'mimba. Lipoti la padziko lonse lomwe linatuluka mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa ana obadwa masiku osakwana, ana 18 mwa 100 alionse. Fodya si amene anatifikitsa pamenepo yekha, zifukwa zazikulu ndi matenda ndi umphawi. Koma boti likakhala kuti ladzaza kale mpaka madzi akufika m'milomo, suwonjezera thumba lina la mchenga.

Nkhaniyi sithera pa kubadwa. Fodya amatsitsa prolactin, ndiye amayi osuta nthawi zambiri mkaka umawachepera ndipo amasiyitsa ana kuyamwa msanga. Mu utsi mulinso mankhwala amene amatsekereza ayodini, uja amathira mumchere wa m'paketi, kuti asalowe bwino mumkaka, pomwe ubongo wa mwana umamufuna kuti ukule. Mkaka wa m'chitini mtengo wake mukuudziwa. Ndani wa ife angaukwanitse mwezi ndi mwezi, nthawi yomwe nyanja yatsekedwa?

Ndikudziwa zomwe mukunena mumtima, chifukwa nanenso ndinanena zomwezo.

"Aise, zonsezi ndi za mkazi wosuta. Wanga sasuta." Zoona, wosuta yekha ndi amene amalandira zambiri. Koma utsi wochokera kunsonga kwa ndudu sudutsa mu fyuluta, ndipo chingambwe chilibe ndi fyuluta yomwe. Amayi okhala ndi amuna osuta akayezedwa mkodzo kapena magazi, cotinine uja amapezeka, kutanthauza kuti nikotini analowa ndithu. Ana awo amabadwa opepukirapo, ndipo chiopsezo cha mwana kufera m'mimba chimakwera. N'chifukwa chake mu 2013 bungwe la WHO linatulutsa malangizo oti azaumoyo azifunsa mayi aliyense woyembekezera za utsi wa anthu ena kunyumba, komanso azilankhula ndi amuna awo. Anamwino aja sanandifunse chifukwa cha miseche, inali ntchito yawo.

"Agogo anga ankafwenkha fodya moyo wawo wonse ndipo anabereka ana 9." Anganso ndi choncho. Koma tsiku lina mudzakhale nawo pansi mudzawafunse mwaulemu kuti mimba zonse zinali zingati, ndipo ana amene anakula ndi angati. Kale mimba ikachoka kapena khanda likamwalira, akuluakulu ankangokaika mwakachetechete, ana sitinkauzidwa. Sindikunena kuti zonsezo anali fodya, ayi. Ndikungoti timawerenga okhawo amene anapulumuka. Tonse tikudziwa munthu amene anawoloka nyanja mwera uli pakati n'kufika bwino. Kodi ndiye tiziuza ana kuti mwera suopsa?

"Mwana akakhala wamng'ono ndiye bwino, mayi savutika pochira." Izi ndazimva ngakhale kwa amayi akuluakulu. Mwana amene wachepa chifukwa chosowa mpweya ndi chakudya m'mimba amafika pa tsiku lobadwa ali wofooka kale, ndipo nthawi ya matenda imamuvuta kupirira. Akabadwa amazizidwa msanga, amavutika kuyamwa, chibayo chimamupeza mosavuta. Mavuto a mayi amangochulukirapo.

"Nanga utsi wa nkhuni? Akazi athu amakhalira kuwamba nsomba ndi kuphika pamafuwa." Apa ndikugwirizana nanu. Utsi wa nkhuni nawo uli ndi carbon monoxide, ndipo nawo umagwirizana ndi kubadwa kwa ana ochepa thupi. Mayi wapakati amene akuwamba kampango kapena mlamba tsiku lonse maso ali psuu akupuma zoipa. Ngati n'kotheka, nthawi ya mimba ntchito yoyang'anira moto igwiridwe ndi wina, iye agwire ya kuthandala kapena yogulitsa, ndipo kuphika kuchitikire panja pomwe mphepo ikudutsa. Koma utsi wa nkhuni uli ndi chifukwa: anthu adye, nsomba zisaole. Utsi wa ndudu yanga ukudyetsa ndani? Ngati mayi akupuma kale utsi wina umene sangauthawe, ndiye chifukwa chokwanira choti wanga ndiuchotse.

Asisi athu amene mumasuta, ndikulankhula nanu mwaulemu. Ndikudziwa mulipo, ena mobisa kuseri kwa bafa, ena shisha kumalo achisangalalo kumapeto kwa sabata, ena fodya wamphuno kapena woika kukamwa kuti nseru ileke. Zonsezi muli nikotini. Shisha amatenthedwa ndi makala, ndiye carbon monoxide wake ndi wochuluka, madzi aja samusefa. Chamba nacho ndi utsi, ndipo chimafika kwa mwana. Pali chinthu china chomwe ambiri sadziwa. Mayi akakhala ndi pakati, thupi lake limaphwanya nikotini mofulumira kuposa kale, ndipo mahomoni omwewo a mimba ndi amene amathandizira zimenezi. Ndiye chibaba chimabwerera msanga. Ngati mukuona kuti kusiya kwavuta kwambiri pano, si kuti ndinu ofooka kapena oipa mtima, thupi ndi lomwe lasintha. Auzeni anamwino kusikelo chilungamo kuti akuthandizeni. Ndipo ife tonse tisiye kuseka kapena kunyoza mtsikana wotere, chifukwa kunyozako n'komwe kumachititsa kuti abise.

Nkhani yabwino ndi yoti thupi limabweza msanga. Munthu akasiya kusuta, carbon monoxide wambiri amakhala atachoka m'magazi pakutha pa tsiku limodzi. Kafukufuku wina wa ku New Zealand ndi Australia amene anatuluka mu 2009 anapeza kuti amayi omwe anasiya mimba isanakwane milungu 15, chiopsezo chawo chobereka masiku osakwana kapena mwana wochepa thupi chinafanana ndi cha amayi osasuta. Amene mwadutsa milungu 15 musataye mtima. Mwana amanenepa kwambiri m'miyezi itatu yomaliza, ndiye kusiya lero kuli ndi phindu ngakhale mimba ili ya miyezi 7.

Wina anandiuza padoko kuti ndikunyoza mbewu yomwe imabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno. Sindikulimbana ndi mlimi wa ku Kasungu kapena ku Mchinji, ena mwa iwo ndi abale athu. Ngakhale boma lathu, lomwe limadalira fodya chonchi, mu 2023 linalowa nawo m'pangano la WHO lochepetsa kusuta, ndipo limodzi mwa mfundo zake ndi kuteteza anthu ku utsi wa anzawo. Ndipo amene muli ndi achemwali kumaesiteti, auzeni kuti masamba a fodya akakhala onyowa ndi mame, nikotini amalowa kudzera pakhungu. Mayi woyembekezera asathyole fodya wonyowa ndi manja osavala kanthu.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti mimba ikavuta, mafunso onse amapita kwa mkazi. Anadya chiyani, ananyamula chiyani, anayenda ndi ndani, wamulodza ndani. Apongozi amakhala pansi, ankhoswe amaitanidwa, nthawi zina mpaka kwa asing'anga. Sindinamvepo wina akufunsa mwamuna kuti, "Kodi inu mumasutira kuti?" Ife timakhala panja pa chipatala, nkhawa itatigwira, n'kuyatsa ndudu ina.

Ndikudziwa chifukwa chomwe timasutira. Ndinayamba ndili ndi zaka 17, m'boti la bambo anga, usiku wa kauni. Kuzizira kwa mu Juni, tulo, njala, ndudu imodzi n'kumazungulira alovi onse. Palibe amene anatiuza za nsengwa kapena za mahomoni. Koma pano mwamva, ndiye pempho langa ndi ili.

Ngati akazi anu, achemwali anu kapena alamu anu ali ndi pakati, m'nyumba musasutiremo, ngakhale iwo atapita kumsika, chifukwa utsi umatsalira m'mabulangete, m'neti ndi m'makoma. Kutsegula zenera sikukwanira. Pitani panja patali, ndipo mukabwera kunyanja sambani ndi kusintha malaya musanakhale nawo pafupi. Anzanu akabwera kudzacheza, auzeni kuti pakhomo pano pali woyembekezera, akasutire uko. Amene angakwiye ndi zimenezo muwasiye akwiye. M'boti la pasenjala, m'minibasi, mu shedi yogulitsira nsomba, mukaona mayi wapakati zimitsani. Mwana akabadwa lamulo likhale lomwelo, chifukwa utsi umawonjezera chibayo ndiponso imfa zija khanda limangopezeka lafa kutulo. Ndipo ngati mungathe, siyirani limodzi. Mkazi wosuta savutika kwambiri kusiya ngati mwamuna wake wasiya naye, koma n'kovuta kuti apirire chibaba wina akufuka pambali pake.

Ine sindinamalize nkhondoyi, ndisakunamizeni. M'nyumba ndinasiya tsiku lomwe lija tinachoka kusikelo. Kusiyiratu ndayesa kawiri, ulendo woyamba ndinagwa tsiku lachinayi injini ina itandizunguza mutu. Pano ndili pa tsiku la 12. Chibaba chikabwera ndimatafuna nzimbe kapena mtedza, ndimamwa madzi, ndipo pakapita mphindi zochepa chimatsika chokha. Ndalama ya ndudu ndikuponya m'kachitini ka girisi kakale, madamu akuti igule beseni ndi zitenje za kuchipatala. Amene mumandipeza padoko, chonde musandipatse ndudu, ngakhale nditapempha.

Mulungu akalola, mwana abwera mvula ikamayamba. Tumizani uthengawu kwa mnzanu amene akazi ake ali ndi pakati, ndipo amene muli ndi maganizo osiyana ndi anga bwerani ku shedi tidzakambirane, ndimapezeka kuyambira 6 koloko. Ugwireni bwino usiku uno amene mukulowa m'madzi.